Envelopu Imene Ndinaiwotcha pa Mbaula

Ndikukumbukira bwino chaka chimene maso a ababa anayamba kuchita chidima, chifukwa n'chaka chomwecho chimene ndinasanduka ndodo yawo. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Tinkakhala ku Area 23, m'nyumba ya zipinda zitatu imene ababa anaimanga pang'onopang'ono ndi ntchito yawo ya utelala. Iwo anachokera ku Thyolo ali mnyamata, atasenza makina osokera basi. Matenda a shuga atawagwira, ulusi unayamba kukana kulowa pa singano, ndipo posakhalitsa ngakhale zikwangwani za maminibasi zinasiya kuwerengeka. Kulikonse kumene ankapita ankanditenga, dzanja lawo lili paphewa langa.

Tsiku lina m'mawa anandiuza kuti, "Madalo, lero sukulu ikudikire. Vala diresi ya kutchalitchi ija."

Tinakwera minibasi mpaka m'tauni. Titatsika tinafunsa njira kangapo, mpaka tinapeza ofesi ya maloya pamwamba pa sitolo ina yogulitsa nsalu. Masitepe ake anali opapatiza, ndipo ndinkawauza ababa pamene akuyenera kuponda. M'katimo munkanunkhira polishi. Pabenchi panakhala anthu a nkhope zakugwa ngati pamzere wa kuchipatala. Bambo wina anali atamuchotsa ntchito popanda chifukwa, ndipo ankauza aliyense womuyang'ana. Mayi wina mwana wake anali m'chitokosi. Panalinso amuna awiri olimbirana malire a puloti, atakhala uyu kumapeto uku, uyu kumapeto uko. Ine ndinkaganiza kuti kwa loya kumapita anthu opalamula, choncho ndinayang'ana ababa ndi diso lokayika.

Loya wake anali mayi wamfupi, Mayi Kamanga, wovala magalasi omangirira kachingwe. Ndinkayembekeza Chingerezi chokhachokha, koma anayankhula Chichewa chathu chomwechi.

"Ndabwera kudzalemba wilo," anatero ababa. "Maso apita, miyendo ikutsatira. Ndikufuna ndikachoka, ana angawa asadzasowe pogona."

"Mwachita bwino, bambo. Ana muli nawo angati? Kulibe ena kwinakwake amene amayi kunyumba sawadziwa? Nenani pano, kuno nkhani sitipita nazo kumadzi."

Ababa anaseka mpaka kutsokomola, nati ndife awiri okha, ine ndi mlongo wanga Yamikani. Pamenepo Mayi Kamanga anandiuza kuti ndikadikire pabenchi, popeza dzina langa lituluka m'nkhanimo ndipo si bwino kuti ndizimvetsera. Patapita sabata tinapitanso. Ndili pabenchi pomwepo, ndinaona akuitana kalaliki ndi mayi wotayipa kuti akakhale mboni. Zimene zinachitika m'chipindamo sindinazione. Chimene ndinaona n'chakuti ababa anatuluka ndi envelopu ya khaki ataifungatira pachifuwa.

Kunyumba zinthu sizinayende. Ababa atangotchula mawu oti wilo, amayi anadzuka pamkeka ngati alumidwa ndi linthumbu.

"Bambo a Madalo, mukudziitanira imfa masanasana? Munthu mukupuma, mukudya, n'kumakagawa katundu? Musandiuze ine zimenezo, sindikufuna kumva!"

"Tamverani kaye, mayi. Mungodziwa kumene ndinapita."

"Ndati musandiuze!"

Anatseka makutu ndi manja n'kutuluka panja. Ababa sanakakamize. Anali munthu wosakonda phokoso, ndipo ndikamaganiza lero ndimaona kuti kufatsa kwawoko kunatipweteketsa pang'ono. Mawa lake amayi atapita kumsika, ababa anandiuza kuti ndisolole kadirowa ka pansi pa makina osokera, ndiike envelopu ija kuseri kwake, ndibwezere kadirowako.

"Tsiku lija likadzafika, udzawapatse amako," anatero. "Iwe ndiwe wamkulu."

Amayi anakadandaula kwa anzawo, ndipo nkhani ya m'lokeshoni sichedwa. Ndili pamzere wotunga madzi pakiyosiki, ndinamva azimayi akuikambirana, osasamala kuti mwini wake ndili pomwepo. Wina anati mlamu wake wa ku Kawale analemba wilo ali bwinobwino, koma mvula ya chaka chimenecho sanaione. Wina anati ndi mmene zimakhalira, ukangolemba ndiye kuti wavomera, ndipo imfa imamva. Ndinasenza ndowa yanga n'kuchokapo. Amene ndinawatsogolera ababa kukwera masitepe aja ndinali ine. Amene ndinabisa chinthucho m'nyumba ndinali ine ndemwe.

Pasanathe mwezi, phazi la ababa linatupa, chilonda chinakana kupola, ndipo anawagoneka kuchipatala chachikulu. Amayi ankakhala komweko kuwadikirira. Masana ena ndikuphika nyemba zoti ndipite nazo kuchipatalako, ndinangoona kuti sindingathenso kupirira. Ndinamutuma Yamikani kuti akagule tomato. Ndinasolola kadirowa kaja, ndinatenga envelopu, ndinaphula mphika n'kuiika pamakala. Sindinaitsegule n'komwe. Inayamba kuda m'mphepete, kenaka inapindika, lawi n'kubuka kamodzi. Phulusa lake ndinalitakasa ndi kamtengo mpaka linasakanikirana ndi la makala. Ndinabwezera mphika pamoto mtima uli m'malo, koyamba m'masabata ambiri.

Chimene chinandisokoneza kwambiri n'chakuti ababa anapezadi bwino. Patatha masiku asanu anawatulutsa. Anakhala pakhonde akuwothera dzuwa, akuseka ndi anthu odutsa, mpaka anayesa kupalasa makina kuti amve kulira kwake. Ine ndinkayenda ngati mfumukazi. Ndinkawayang'ana adokotala ndi mankhwala awo ngati anthu ongothandizira, chifukwa wowachiritsa weniweni ndinkamudziwa ndekha.

Ababa anakhala nafe miyezi iwiri. Kenaka anadwalanso, ndipo ulendo uno sanabwerere. Amayi anandiuza pambuyo pake kuti mawu omaliza omveka bwino amene ananena anali oti, "Pepala lija, Madalo akudziwa."

Maliro tinakaika ku Thyolo. Titameta n'kubwerera ku Lilongwe, sitinabwere tokha. Azakhali a Esinala, mlongo wawo wamkulu wa ababa, anakwera nafe basi pamodzi ndi mwana wawo Dikisoni, mnyamata wandevu kale. Tinkayesa abwera kudzatipepesa. Tsiku lachiwiri anapempha makiyi a kuchipinda kwa ababa, ndipo lachitatu anaitana amayi pabwalo.

"Mulamu, tisabisane," anatero azakhali. "Malemuwa anali mwini mbumba wathu. Amene anawalera, kuwagulira makina oyamba aja, ndife. Nyumbayi ndi yakwathu. Inu mukadali mtsikana, mawa mudzakwatiwa. Ndiye mwamuna wina adzagone pa thukuta la mlongo wanga? Dikisoni akhala muno. Inu konzekani, mwezi ukamatha mupite kwanu."

Kwawo kwa amayi kunali ku Mulanje, koma kunalibe ngakhale khoma loti n'kulozera. Makolo awo anamwalira kale, ndipo kamunda kanagawidwa. Azakhali atapita kukaona anzawo ku Kaliyeka, amayi anandikokera kukhitchini.

"Madalo, abambo ako anati iwe ukudziwa. Pepala lija lili kuti?"

Ndinawayang'ana m'maso n'kunena kuti sindikudziwa. Mpaka lero bodza limenelo limandiwawa kuposa kuwotcha kuja. Kuwotcha ndinawotcha pofuna kupulumutsa munthu, koma kunama ndinanama pofuna kudzipulumutsa ndekha.

Masiku atatu amayi anasanthula nyumba yonse mozemba azakhali. Anasomola matilesi, anakutumula masutikesi, anatsegula Baibulo tsamba ndi tsamba, anapisa m'matumba a majekete amene anali asanagawidwe. Ine ndinkawathandiza kufunafuna. Ndinkanyamula zinthu, kusuzumira pansi pake, n'kunena kuti palibe.

M'mawa wa tsiku lachinayi ndinawapeza amayi akulongedza mapoto m'thumba la feteleza. Ankakulunga makapu m'nyuzipepala mmodzimmodzi, mosafulumira, misozi ikugwera panyuzipepalapo. Yamikani, amene anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, anaima pakhomo ndi chikwama chake cha kusukulu.

"Amayi, ku Mulanjeko aphunzitsi anga akandipeza bwanji?"

Pamenepo ndinagwada. Ndinanena zonse, kuyambira za pakiyosiki mpaka za mbaula. Ndinkayembekeza mbama, ndipo kunena zoona ndinkaifuna. Amayi anaika kapu pansi. Kenaka anafunsa funso limodzi lokha.

"Kumene munapitako ungakudziwe?"

"Eya, ndingakudziwe."

"Kasambe."

Sitinapite ndi chiyembekezo chilichonse. Amayi ankangofuna kufunsa ngati loyayo angakumbukire zimene ababa ananena, mwina n'kubwera kudzawauza azakhali pakamwa. Tinakwera masitepe aja, amayi ali m'zovala zakuda. Mayi Kamanga anandizindikira titangolowa.

"Si iwe unkawatsogolera bambo a utelala aja? Ali bwanji?"

Amayi anafotokoza. Loyayo anavula magalasi n'kupepesa maliro mwaulemu wonse, ndipo anati palibe amene anawadziwitsa. Atamva za envelopu, anatembenukira kwa ine.

"Unaiwotcheranji, mwanawe?"

"Ndimafuna ababa asafe."

Sanandiseke ndipo sanandikalipire. Anangoti si ine woyamba, ndipo akuluakulu ambiri amachita zomwezo. Kenaka anadzuka, natsegula kabati yachitsulo imene inali pakona, n'kuyamba kuyendetsa chala pamafayilo. Anasolola imodzi.

"Imene bambo anatenga inali kope chabe, yoti azisunga kunyumba. Yeniyeni, imene anasayina pamaso pa mboni, imakhala kuno. Ndinawauza kuti akakuuzeni, mayi."

"Anayesa," anatero amayi motsitsa mawu. "Ine ndi amene ndinakana kumva."

Mayi Kamanga anatifotokozera zoyenera kutsata. Anati m'nyumbamo tisatuluke, ndipo mapoto aja tikawamasule. Analemba kalata yoitana azakhali, nati pepalalo lidzafunika kupita kukhoti kuti likatsimikizidwe, zimene zidzatenge nthawi, koma ndi ntchito yawo imeneyo.

Azakhali anabwera pa tsiku loikika ali ndi Dikisoni ndi mkulu wina wa kumpingo, nkhope ili gwa. Ulendo uno sanandithamangitsire pabenchi. Loyayo anawerenga m'Chingerezi, kenaka n'kumasulira ndime iliyonse. Nyumba ndi puloti ababa anasiyira amayi, ine ndi Yamikani. Munda wawo wa ku Thyolo anasiyira azakhali. Makina osokera anati apite kwa Dikisoni, aphunzire ntchito ya manja. Ndinkamva ngati ababa ali m'chipindamo, chifukwa kagawidweko kanali kawo ndithu, kosafuna kuti wina achoke manja ali m'khosi. Azakhali anayesa kunena kuti mlongo wawo anali wosaona, ndiye anangomulembera. Kalaliki ndi mayi wotayipa uja anaitanidwa, ndipo anati anawawerengera ababa mokweza kawiri asanasayine. Mkulu wa kumpingo anawagwira mkono azakhali n'kuwauza kuti mawu a malemu salimbana nawo. Azakhali analira, ndipo sindikudziwa ngati unali mkwiyo kapena chisoni. Patatha masiku awiri anakwera basi, makina ali pamwamba. Sanadzapondenso pakhomo pathu mpaka pa ukwati wanga.

Koma chimene chinatsala mumtima mwanga chinachitika tsiku lowerenga lomwelo, tikutuluka. Chiyambire kuulula kwanga, amayi anali asanatchulepo za mbaula. Ankandiyankhula za mchere ndi za madzi basi, ndipo ine ndinkaona kuti sadzandikhululukira. Titafika pansi pa masitepe, pafupi ndi khomo la sitolo ya nsalu ija, anaima n'kundikonza kolala ya diresi.

"Madalo," anatero, osandiyang'ana kumaso, "abambo ako ali m'chipatala ulendo woyamba uja, ndinabwera kunyumba kawiri iwe uli kusukulu. Ndinkaifuna envelopu imeneyo. Machesi anali m'manja. Kungoti sindinaipeze."

Tinalira pamenepo tonse awiri, anthu ogula nsalu akutilambalala.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo wilo yanga ndinalemba ndili wa thanzi. Ana anga ndinawakhazika pansi n'kuwauza ofesi imene ikusunga wiloyo, ndipo wamng'ono atayamba kulira sindinasiye kuyankhula. Zinanditengera zaka zambiri kuti ndivomere ndi mtima wonse kuti ababa anafa ndi shuga, osati ndi pepala. Ine ndi amayi tinkawakonda kwambiri moti sitinkafuna kumva za tsiku limene adzachoke, ndipo chifukwa cha chikondi chimenecho tinawasiya aganize za tsikulo okhaokha, ali wodwala, ali wosaona. Nyumba tinaipulumutsa, ndipo amayi akukhalamobe mpaka pano. Chimene sindingabweze n'chakuti munthu uja anafuna kutiuza mmene watikonzera pogona, ndipo m'nyumba monse munalibe womumvetsera.