Amayi Ankabwereka Zomwe Tinali Nazo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga anawoloka malire ndi ngongole ya kalabu pamutu. Kwathu ndi kufupi ndi Mkanda, kumene Zambia ili pakhomo: munthu amakwera njinga m'mawa, nkhomaliro n'kukadyera tsidya. Bambo anatenga feteleza wangongole ku kalabu ya alimi. Atagulitsa fodya, anagulitsanso mtedza wonse m'nkhokwe, ndi wambewu womwe, n'kunena kuti akukagula mateyala a njinga. Mateyalawo akugulabe mpaka lero.

Ngongole ya kalabu imamanga onse. Mmodzi akathawa, otsala onse amamanidwa feteleza chaka chotsatira. Ndiye mkwiyo wa mudzi wonse unagwera amayi ndi ine. Anthu omwe tinkadya nawo dzulo lake anayamba kulowetsa ziwiya m'nyumba akationa tikubwera.

Pasanapite nthawi kunabwera amalume, a Lisoni, omwe ankachita geni ya kumalire. Anakhala pakhonde n'kuyang'ana munda wathu ngati akuyang'ana maliro. Anati mbewu palibe, wobwereketsa palibe, ndipo ku Chipata kuli bwana wina akufuna mtsikana wolera mwana. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndikumva zonse. Amayi anawapempha kuti adikire mpaka mvula yoyamba. Anagwirizana kuti mvula ikagwa munda uli wosadzala, ine sukulu ndisiya n'kupita nawo.

Kwathu mbewu ya mtedza imabwerekedwa. Umatenga ndowa imodzi, pokolola n'kubweza ziwiri. Amayi anandituma kwa a Nambewe, mkazi wa wapampando wa kalabu, amene anakulira nawo limodzi. Ndinawapeza pamjigo, pali amayi ambiri. Ndinagwada bwinobwino n'kunena uthenga wanga motsitsa mawu. Iwo anayankha mokweza kuti aliyense amve.

"Ukawauze amayi ako kuti mbewu yanga ilibe pasipoti. Siingathe kupita ku Zambia."

Pamjigo ponse panali phwete. Anawonjezanso kuti iwo chibadwire sanabwerekepo ngakhale singano kwa munthu, chifukwa kubwereka ndi kwa anthu opanda manyazi. Ndinabwerera kunyumba maso ali gwa, misozi osatuluka. Tsiku limenelo ndinadana ndi munthu koyamba, chidani chenicheni, chosowetsa tulo. Ndinkalakalaka matalala atagwa m'munda mwawo mokha. Ndinauza amayi kuti ndikathyola miyendo ya nkhuku zawo zonse. Amayi anangoti nkhukuzo sizinali pamjigo, ndizisiye.

M'mawa mwake anachita chinthu chomwe chinandizunguza mutu. Anatenga lichero lathu, latsopano ndithu, n'kulibisa kuseri kwa mphasa. Kenako anandituma kuti ndikabwereke lichero kwa a Natembo, mayi wina wofatsa wa kumapeto kwa mudzi. Ndinakana. Ndinati anthu akutiseka kale, ndiye tizikapemphanso zinthu zoti tili nazo?

"Pita. Madzulo ukabweze dzuwa lisanalowe, ndipo ukadutse njira ya pakati pa mudzi, anthu akuone."

A Natembo anandipatsa lichero lakale, lomasuka mkombero, loti ngakhale litapita ku Zambia sakanalira. Amayi sanapetere ngakhale kambewu kamodzi. Anakhala nalo pansi n'kulisoka mkombero wonse ndi luzi. Pobweza, mwiniwake analitembenuza uku ndi uku, n'kundiyang'ana.

Zinayamba choncho. Tinabwereka khasu pamene athu awiri ali pakona, n'kulibweza lonola. Tinabwereka mchere wa m'kapu yaing'ono, n'kubweza kapuyo ili yodzaza mpaka kusefukira. Sefa, munsi, chikwanje, pampu ya njinga pamene njinga tinalibe. Chilichonse chinkabwerera kwa mwiniwake tsiku lomwe amayi analonjeza, nthawi zina mofulumirirapo. Miyendo yanga ndi imene inkavutika. Anzanga kusukulu anandipatsa dzina loti Andituma, ndipo ndinkamenya aliyense wonditchula choncho. Koma pang'ono ndi pang'ono ziwiya zinasiya kulowetsedwa m'nyumba. Ena anayamba kundipatsa zatsopano m'malo mwa zakutha. Khomo limodzi lokha amayi sanandituminso, la a Nambewe. Ndikamadutsa pamenepo ndinkayenda pang'onopang'ono, chobwerekacho chili pamutu, kuti aone.

Mitambo itayamba kusonkhana, nyerere zikutuluka m'mauna, amayi anavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kunditenga kupita ku msika. Kumeneko kunali a Saidi, wamalonda wachisilamu amene ankagula mtedza n'kubwereketsanso mbewu. Iwo sankafuna chikole. Ankangofunsa anthu a mudzi wako za iwe, pamaso pako pomwepo. Tinafika mochedwa chifukwa tinayenda wapansi. Pakhonde pa sitolo panali anthu a kwathu ambiri, ndipo mbewu inali itatsala thumba limodzi.

Ndinadabwa kuona a Nambewe ali pomwepo. Mavenda ochokera tsidya anabwera ndi mtengo wabwino chaka chimenecho, amuna awo n'kukomedwa, kugulitsa mtedza wonse osasiya mbewu. Ndalamazo zinathera kumene zimathera ndalama za abambo ambiri nthawi ya chilimwe. Atationa, a Nambewe anafulumira kuchenjeza a Saidi kuti awa ndi a banja lija lothawa ndi feteleza wa kalabu. A Saidi anakonza chipewa chawo n'kunena modekha kuti nkhani ya bamboyo anaimva, koma amene waima patsogolo pawo ndi mayi. Anatembenukira kwa anthu.

"Mayiwa akabwereka chinthu, amabweza?"

Oyamba kuyankha anali a Natembo, za lichero. Wina ananena za khasu. Mkulu wina anati pampu yake inabwerera itapukutidwa ngati yochokera m'sitolo. Ngakhale ena mwa amayi amene anaseka pamjigo paja anayikirapo umboni, ine n'kumawawerenga mumtima kuti inunso mwalowa. Kenako a Saidi anafunsa funso lomwelo za a Nambewe. Wina anati ali ndi nyumba yamalata. Wina anati amuna awo ndi apampando. A Saidi anati zimenezo n'zabwino, koma iwo akufunsa za kabwezedwe. Panalibe wodziwa. Munthu wosabwerekapo singano uja analibe mboni ngakhale imodzi.

Apo a Nambewe anatembenukira kwa ife. Anasendera kwa amayi, mawu atachepa.

"A Naphiri, tinakulira limodzi. Ndilankhulireni."

Amayi anawayang'ana bwinobwino, kuyambira kuduku mpaka kuzala za kumapazi.

"Kunama sindingathe, a Nambewe. Simunabwerekepo kanthu kwa ine. Kabwezedwe kanu sindikadziwa."

Sanakweze mawu, sanatukwane, ndipo panalibe bodza ngakhale limodzi. Koma ine ndinamva kukoma mpaka m'mafupa. A Saidi anatipatsa thumba lija, ndipo tinalimanga panjinga ya mkulu wa pampu uja, amene anatibwereka tisanapemphe n'komwe. Ine ndi amene ndinkakankha. Titawapeza a Nambewe panjira, ndowa yopanda kanthu ili m'manja, ndinaliza belu ngakhale msewu unali wotakasuka. Amayi ananditsina khutu, koma ndinaona kuti akubisa kumwetulira.

Mvula itagwa tinadzala munda wonse. Amalume anabwera mtedza utamera, mizere ili biriwiri, fungo la dothi lonyowa lili ponseponse. Anayenda m'mundamo akung'ung'udza kuti bwana uja anamulonjeza kale ndipo achita manyazi. Anagona masiku angapo m'mudzimo. Pobwerera, pakaliyala ya njinga yawo panali Esinati, mwana wa a Nambewe, amene ndinkakhala naye desiki imodzi. Kwawo kunalibe mbewu, kunalibenso feteleza, ndipo makolo ake anati pakamwa pamodzi pachepe. Anadutsa pafupi ndi munda wathu atakumbatira kajumbo ka zovala. Sanabwererenso kusukulu.

Lero ndili ndi sitolo ya nsalu pa boma. Pamene ndinkayamba, a kubanki anandiuza kuti sakundidziwa, ine sindinakwiye. Ndinayamba kutenga tingongole tating'ono tomwe sindinkatifuna kwenikweni, n'kumabweza tsiku lisanakwane, mpaka anayamba kundiimbira okha foni. Ndinazindikira kuti dzina limapangidwa usanavutike, ndiponso kuti wosabwerekapo sakhala wokhulupirika ayi, amangokhala wosadziwika.

Za a Nambewe, ndinganame nditati ndinawamvera chisoni. Akanapereka ndowa imodzi tsiku lija pamjigo, amayi akanawaimira pamaso pa a Saidi, thumba lija n'kugawana. Anasankha kuseketsa anthu, ndipo anthu anasekadi. Chomwe chimandikhala pakhosi ndi chimodzi. Bambo anga anathawa, a Nambewe ananyoza, amayi anabwezera, ine ndinaliza belu. Koma pakaliyala paja panakwera Esinati, amene sanalakwire aliyense wa ife.