Musaphethire ndi Chipsera cha Mwana Wake

Mkamwini wanga ndi wojambula zithunzi, ndipo sindimukonda. Ndayamba ndi zimenezi kuti wina asadzati ndinabisa. Kupaki kumene amagwirako ntchito palibe amene amadziwa dzina lake. Onse amangoti a Musaphethire, poti ndiwo mawu amene amakalipira nawo anthu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Chaka chonse munthuyu amakhala ndwii ngati nkhuku yonyowa. Koma kuzizira kukangotha, mitengo ya m'paki ija n'kuchita maluwa, amadzambatuka. Shati yoyera yosita bwino, kamera pakhosi, chimbale chonyezimira chowalitsira nkhope za anthu chili m'khwapa, ndipo m'thumba muli kabakha kapulasitiki kolira akakafinya. Kabakhako ndiko kamaseketsa ana. Mwini wakeyo mano ake ndinawaona pa ukwati pokha, ndiponso n'kuti akuyasamula.

Mabanja amabwera Loweruka atatchena. Iye amawandandalika pansi pa mtengo ngati mabotolo pashelefu. "Bambo, mimba ilowe. Mayi, chikwama pansi, sitikujambula chikwama. Iwe, chala chichoke m'mphunomo! Musaphethire!" Ana amalira, makolo amatukwana chamumtima, koma chaka chinacho amabweranso. Chinsinsi chake n'choti akafika kunyumba amakhala pa kompyuta n'kuyamba kuchapa anthu. Mamina amachoka, ziphuphu zimachoka, wagweru amamera dzino. Ine anandisita makwinya onse osandifunsa, mpaka mayi a kunyumba anafunsa kuti mnyamatayo ndi wa kwa yani. Makwinya amene ndinawavutikira ndekha!

Tsono mkamwiniyu ali ndi mwana mmodzi wamkazi, mdzukulu wanga, amene ndimamutcha Kachiwala chifukwa sayenda, amangodumpha. Pa tsaya lake lamanzere pali chipsera chosongoka ngati nsonga ya ayironi, pakuti ndi ayironi imene inachilemba. Ali wokwawa anagwera pa ayironi yotentha imene munthu wina anaisiya pansi pothamangira kupaki. Munthuyo sindimutchula, koma amavala shati yoyera yosita bwino.

Kuyambira pamenepo chithunzi chilichonse cha mwanayu chimaonetsa tsaya lamanja lokha. "Tayang'ana uko, kuli mbalame!" Mwana wakula akuyang'ana mbalame zimene kulibe.

Chaka chino mkamwini anafuna chikwangwani chatsopano choika pa geti la paki, chokopera makasitomala. Anamuveka Kachiwala diresi yachikasu, kumukhazika pansi pa maluwa, n'kumuuza kuti ayang'ane kamera maso ndi maso. Kanali koyamba. Mwana sanagwire pansi sabata yonse, anauza anzake onse a kusukulu kuti akamuone pageti.

Tsiku lokhoma chikwangwanicho tinapita tonse, ine, mwana wanga amene anakwatiwa ndi munthuyu, ndi Kachiwala. Chithunzi chinali chachikulu ngati chitseko. Matsaya onse awiri see, ngati dzira.

"Agogo, ameneyu ndi ndani?"

"Ndiwe, nanga sukuona?" anayankha bambo ake, ali pamakwerero ndi hamala.

"Diresi ndi yanga." Anagwira tsaya lake. "Koma uyu ndi mwana amene adadi amamufuna."

Ine pakamwa panandiyabwa. "Kodi a Musaphethire, mdzukulu wachiwiriyu munabereka liti osatiuza?"

"Bambo, izi ndi za ntchito, simungazimve."

"Zoona, sukulu sindinapite nayo patali. Koma mdzukulu wanga ndimamudziwa, ndipo pakhomapo palibe."

Kachiwala sanalire. Akanalira zikanakhala bwino. Anangosiya kunena kuti adadi. Patebulo ankati, "Amayi, auzeni ajambuliwo andipatsire mchere." Ajambuli anagula nsapato zofiira, iye anati, "Kapatseni mwana wanu wa pageti." Anagula chidole, chinagona panja. Ndipo mwana wanga, amene lilime anatengera kwa ine, anamufunsa mwamuna wake pamaso panga: "Kodi mumafufuta chipsera, kapena mumafufuta ayironi?" Mkamwini anadzuka nkhope ili gwa, kukapukuta kamera imene inali yopukuta kale.

Maluwa sadikira munthu. Anayamba kuyoyoka, pansi pa mitengo panangoti mbuu. Tsiku lina ndili pa benchi yanga mupakimo, ndinangoona mthunzi wa shati yoyera.

"Bambo, mundilankhulireko kwa mwanayu. Inu amakumverani."

"Bwanji, kabakha kaja kafa?"

"Sindikuseka, bambo. Mwana akundipitirira ngati mtengo."

"Mtengo ndiye amauyang'anako, uli ndi maluwa. Inu mumaongola mabanja a eni tsiku ndi tsiku. Lanu likukanikani bwanji?"

Anachoka osatsanzika. Ulemu wake ndi womwewo.

Loweruka lotsatira, anthu ali pamzere ndi ana awo odzola mafuta, anatenga makwerero n'kuzula chikwangwani chija yekha. Mayi wina anadandaula kuti dzuwa likuwotcha khanda. Anamuyankha kuti ajambuli ena ali uko pafupi ndi mpope. Kenako anapita pamene Kachiwala anakhala ndi mayi ake, nagwada, thalauza lake pa maluwa ovunda.

"Ndikujambulenso?"

Mwana anayang'ana mayi ake. "Auzeni kuti poima ndisankha ndekha."

Sanasankhe mtengo wa maluwa. Anakaima pa khoma la njerwa pafupi ndi bini, yunifolomu ya masewera ili yothimbirira, n'kutembenuzira tsaya lamanzere ku kamera. Nkhope anaikwinya ngati wamwa mankhwala. Bambo ake anapisa m'thumba, kabakha n'kulira.

"Sindine khanda," anatero. Amenewo ndiwo mawu oyamba amene anawalankhula kwa iye osadzera mwa mayi ake.

Mkamwini anakweza kamera. Maso ake ankangophethiraphethira, mawu ake aja osatuluka. Mwanayo anadikira mpaka anatopa.

"Musaphethire," anatero Kachiwala. "Jambulani."

Chithunzi chimene chili pageti lero ndi chimenecho: mwana wolusa, chipsera chili poyera, kumbuyo njerwa. Makasitomala ena akachiona amapitirira kwa wa kumpope uja, ndipo ine sindiwaletsa. Mawu oti adadi sanabwererebe. Koma dzulo patebulo Kachiwala anatambasula dzanja n'kunena kuti, "Patseni mchere," akuyang'ana iyeyo. Munthu wamkulu anathamangira botolo la mchere mpaka kugubuduza kapu yanga ya madzi, thalauza langa lonse n'kunyowa.

Ndamuuza kuti popeza wayamba kubweza za eni, makwinya anga ndikuwafuna onse.