Mayi wa pa Paketi ya Tiyi

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 7, tikukhala kukomboni pa esiteti ina ya tiyi kumtunda kwa boma la Thyolo. Aphunzitsi analengeza kuti zojambula za ana asukulu zikapachikidwa mu holo ya paboma, ndipo sukulu yathu itumiza chithunzi chimodzi chokha. Panalibe wokayika kuti chidzakhala changa, poti mapu onse a m'kalasi ndinkajambula ndine.

Ndinasankha kujambula amayi akuthyola tiyi. Kumunda sindinapiteko. Ndinatsamiritsa paketi ya tiyi kukhoma n'kumayang'ana mayi amene anali pamenepo, wa duku loyera, akumwetulira, kadengu kali kutsogolo. Ndinangosintha mphuno ndi mtundu wa chitenje.

Komboni yonse inabwera kudzaona. "Ii, koma mwana uyu! Zokongola!" Akapitawo anandipatsa dzina loti Kamera. Amayi anangoseka n'kupitiriza kutsuka mbale.

Azakhali, mlongo wawo wa bambo anga, anafika mochedwa, dengu likadali kumsana. Anayamba kuthyola tiyi ali mtsikana ndipo sankadziwa kulemba dzina lawo. Anagwira pepalalo m'mphepete ndi zala zawo zakuda, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Uyu ndani, Mada?"

"Ndi amayi."

"Amako ake ati? Uli ndi ena?"

Anthu anaseka. Iwo sanaseke.

"Amako amathyola ndi dzanja limodzi, lina lili m'chiuno ngati akudikira minibasi ya ku Limbe? Akanawachotsa ntchito iwe usanabadwe. Dengu kutsogolo, akugulitsa mandasi? Nanga masamba awa asanuasanu? Akapitawo, mungalandire zinyalala zimenezi pasikelo?"

Akapitawo anakanda m'mutu.

"Ndiye akusekerera chiyani?" anamaliza azakhali, n'kundibwezera pepala.

Ndinakalirira kuseri kwa khitchini. Mayi wina woyandikana nafe anabwera kudzanditonthoza, nati ndi nsanje chabe, poti ana a azakhali sankakhoza kusukulu. Mawu amenewo ananditsekemera, ndipo ndinawakhulupirira mpaka Loweruka, pamene azakhali anandidzutsa m'mamawa.

Kunali chiperoni, nkhungu ndi kamvula kozizira. Ananditengera kumunda n'kundiimika kumapeto kwa mzere umene amayi ankathyola. "Pensulo ikhale m'thumba," anatero. "Ingoona."

Ndinaima pamenepo mpaka miyendo inachita dzanzi. Manja onse awiri a amayi ankathamanga pamwamba pa tiyi ngati nkhuku zikujompha chimanga, masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga. Akadzaza manja ankaponya kumbuyo osatembenuka, ndipo palibe tsamba linkagwa pansi. M'chiuno anamanga pulasitiki yothina chifukwa cha mame. Zingwe za dengu zinalowa m'mapewa, phewa lakumanja litatsika kuposa linzake. Milomo anaimanga. Sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Ndinali nditakhala nawo zaka khumi ndi ziwiri, koma munthu ameneyu ndinkamuona koyamba.

Ndinajambulanso chithunzi china. Azakhali atachiona anati, "Phewa ili walikhoza. Dzanja lamanzere likadali lakufa." Usiku umenewo ndinagona mtima uli m'malo.

Aphunzitsi anakwinya nkhope. "Choyamba chija chili kuti? Ichi chikumvetsa chisoni." Ndinakakamira, ndipo anachitumiza monyinyirika. Kuboma anachipachika pafupi ndi chitseko. Sichinapambane, ndipo palibe ananenapo kanthu, chabwino kapena choipa. Chitabwerera, amayi anachiika m'sutikesi, pansi pa zovala zawo za kutchalitchi. Choyamba chija anali atakulungira kale bonya.

Ndinapita kukoleji, kumene ndinamva mawu akuluakulu onena za zithunzi, koma sindinamve funso loposa lija lakuti uyu ndani. Ojambula a kumaboma ngati ine timakalamba ndi mawu amodzi omwewo: zokongola. Nyuzipepala ikatikumbukira imalemba kuti mnyamata wa ku Thyolo ali ndi luso, basi. Poyamba zimakoma. Kenako umazindikira kuti palibe amene waima nthawi yokwanira kuti aone pamene walakwitsa, ndipo umabwereza cholakwa chomwecho zaka zambiri.

Azakhali atamwalira, ntchito yawo yodzudzula zithunzi zanga anaitenga mkazi wanga Tiyamike. Ankaima kutsogolo kwa chithunzi, manja atapinda, n'kuloza ndi chibwano. "Apa mwanama." Tinkakangana, ndipo kawirikawiri wolondola ankakhala iye.

Tiya anamwalira chaka chatha, nthawi ya mvula. Patapita miyezi ndinamujambula. Aliyense wolowa m'nyumba ankatsitsa mawu n'kunena kuti zokongola. Ndani angadzudzule chithunzi cha malemu pamaso pa mwini maliro? Ine ndinkachiyang'ana tsiku ndi tsiku, osadziwa ngati ndi iyeyo kapena ndayamba kale kumuiwala.

Mwezi watha ndinachikulunga m'chitenje n'kupita nacho kwa Khwethemule, kwa apongozi anga. Mkamwini sacheza nawo momasuka apongozi, choncho ndinakhala chapatali, n'kutsamiritsa chithunzicho pa mtondo. Ndinawapempha kuti asandimvere chisoni.

Anachiyang'ana nthawi yaitali, monga anachitira azakhali.

"Bambo, mtsikana uyu ndi wokongola," anatero, maso ali kumbali. "Koma wangayo anali ndi tsinya apa." Anagwira pakati pa maso awo. "Ngakhale akusangalala. Anabadwa nalo."

Ndinalidziwa tsinya limenelo. Ndi lomwe ankayang'anira zithunzi zanga. Ndinali nditalisalaza ndekha, n'kumupatsa kumwetulira kwa mayi wa pa paketi uja.

Tsopano ndikudziwa kuti woyamikira amatha kutero akudutsa, koma wokuuza pamene wanama amakhala ataima, ndipo amamudziwa munthu amene wamujambulayo. Anthu otere ndi ochepa, ndipo anga akutha. Ndinabwerera kunyumba nditatopa kwambiri. M'mawa mwake ndinatenga mpeni n'kuyamba kupala penti ya pachipumi.