Inki Yofiira ya Mwana wa Bwana

Nthawi ya Chitaganya ndinkaphunzitsa ana pa purazi ina ya fodya kufupi ndi Mvurwi. Sukulu yake inali kanyumba kaudzu kumapeto kwa komboni, ndipo ambirife pakombonipo tinali ochokera ku Nyasalande. Mwini purazi anali mzungu wosalankhulalankhula. Wapakamwa anali mwana wake.

Mwanayo anabwera kutchuthi atangotha chaka chimodzi pasukulu ya zamalamulo kumwera uko. Chaka chimodzi chokha, koma kayendedwe kake kanali ngati makhoti onse a m'dzikomo akudikira iyeyo kuti atsegule. Tsiku lina anatumiza foromani kuti aitane aliyense wodziwa kuwerenga Chingerezi. Tinapezeka asanu: ine, kalaliki wa kusitolo, madalaivala awiri, ndi telala wina wa Chiyao, Msilamu, yemwe ankasoka maovolosi a antchito.

"Bambo anga amati anthu inu simungamve zamalamulo," anatero, akusakaniza Chingerezi ndi Chilapalapa, chiyankhulo chimene azungu ankalamulira nacho antchito. "Ine ndikufuna kuwaonetsa kuti akulakwa."

Telala anandinong'oneza kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti mkangano ndi wa kunyumba kwawo, ife ndife mboni chabe."

Lamlungu lililonse masana tinkakumana m'shedi yosankhira fodya. Ife tinkakhala pamabelo, iye pampando umene wantchito wa kukhitchini ankamunyamulira. Ndisaname, zina anatiphunzitsa bwino. Anationetsa kuti buku la malamulo suliwerenga kuyambira koyamba ngati Baibulo. Umayamba kumapeto, pamndandanda wa mitu, n'kupeza ndime yako, kenako n'kufufuza ngati ndimeyo sinasinthidwe. Anatiphunzitsanso kalata yodandaula: chachitika n'chiyani, anaona ndani, lamulo likuti bwanji, ukupempha chiyani. Mawu athu aja oti "ine kapolo wanu wosauka ndagwada pamapazi anu" ankawadula ndi inki yofiira, uku akuseka mpaka kutsokomola.

Koma milandu yomwe ankatipatsa! Sitima yomira ndi katundu wa munthu ku Mangalande. Hatchi yogulitsidwa ili yotsimphina. Tinkatuluka thukuta kuweruza za hatchi, ife amene ngakhale mbuzi sitinkaloledwa kuweta pakomboni. Tikalemba bwino, ankatenga mapepala athu kukawerengera alendo pakhonde la bambo ake, ngati munthu woonetsa galu wodziwa kuimirira ndi miyendo iwiri.

Ndiye kunagwa ngozi. Mdala wina yemwe anakalambira pa puraziyo akupachika fodya m'mabalani anaterereka pamtanda wapamwamba, n'kuthyoka chiuno. Atabwerako kuchipatala akuyendera ndodo, foromani anamuuza kuti mwezi ukatha atuluke m'nyumba, ikufunika kwa munthu wamphamvu. Kwawo kunali ku Dedza, koma anachokako ali ndi mano onse, ndipo sankadziwa ngati kuli wina womukumbukira.

Telala anabwera kusukulu ana atangoweruka. "Aphunzitsi, si mlandu uwu? Kapena timangodziwa ya hatchi?"

Buku lija tinali titabwereka. Tinayamba kumapeto monga anatiphunzitsira, ndipo tinaipeza ndime yonena za wantchito wovulala pantchito. Tinalemba kalata yopita kwa mudzviti, ndiye kuti bwana wa boma woona za anthu akuda. Munalibe kugwada m'kalatamo. Kupusa kunali kwanga: ndinati tiyambe tamuonetsa mphunzitsi wathu. Telala anakana, ine ndinaumirira. Ndinkafuna kuyamikiridwa, ndivomere.

Lamlungu ndinamupatsa kalatayo. Anatsegula cholembera chake chofiira akumwetulira. Anakonza mpumiro pamzere woyamba, n'kusintha liwu limodzi pamzere wachiwiri. "Mwayamba kukhoza," anatero. Kenako maso ake anafika pa dzina la purazi. Cholembera chinaima.

"Iyi si nkhani yophunzirira."

"Ayi bwana, ndi yeniyeni," ndinayankha. "Mdalayo ndi uyo wakhala panjapo."

Sanacheuke kuti amuone. Makutu ake anafiira kuposa inki. Anayamba kutiuza kuti malamulo ndi ozama, kuti ndime imodzi siyokwanira, kuti pali zambiri zimene ife sitingazimvetse.

"Tiphunzitseni zimenezo, bwana," anatero telala mwaulemu wonse.

"Zimenezo timaphunzira chaka chachitatu."

Anapinda kalata ija n'kuika m'thumba, n'kukwapatira buku lake. Mpando anausiya pomwepo. Lamlungu lotsatira tinapeza shedi yokhoma, ndipo wa kukhitchini anati bwana wamng'ono wapita kukasewera tenesi.

Telala sanandinyoze. Anangotulutsa pepala pansi pa makina ake osokera: anali atakopera kalata yonse ndisanaipereke. Ndinailembanso bwino, mdala anadindapo chala, ndipo telala anaipalasira panjinga mpaka ku boma.

Patapita milungu ingapo kunabwera mzungu wa boma. Anamwa tiyi pakhonde nthawi yaitali, n'kumuona mdala kamphindi chabe. Komabe mdalayo sanachotsedwe. Anamusiyira nyumba, n'kumupatsa ntchito yoyang'anira nkhuku. Amene anachoka ndine, chifukwa kalembedwe ka dzanja langa aliyense ankakadziwa. Foromani anati sukulu ikufuna mphunzitsi wosachulutsa nzeru.

M'mawa wonyamuka ndinali pamsewu wafumbi, sutikesi pamutu, mkazi wanga ali ndi mwana kumbuyo, tikulowera kokakwera basi ya ku Chinhoyi komwe kunali mlamu wanga. Galimoto la purazi linatipeza. Ankayendetsa ndi mphunzitsi wathu uja, akubwerera kusukulu yake, ndipo mpando wakumbuyo munalibe munthu. Anachepetsa liwiro, n'kutulutsa mutu pawindo.

"Musasiye kuwerenga, aphunzitsi! Muli ndi mutu wabwino!"

Anaponda mafuta. Mkazi wanga anaphimba mwana ndi nsalu, tinaima pambali kudikira kuti fumbi litsike, kenako tinapitiriza ulendo.