Zipi ya kumsana kwa chilombo

Bambo a Tadala, lero pafoni ndakumana ndi filimu yakalekale ija ya chilombo chotuluka m'dambo. Ndi yomwe ija munakandionetsa ku vidiyo pa Madisi tsiku la msika, tikadali pachibwenzi. Chilombo chitangovuuka m'madzi, ine ndinadziphimba kumaso ndi chitenje. Inu, ndi maso anu a utelala aja, munandinong'oneza kuti, "Nabanda, tayang'anani kumsanako. Ndi munthu uyu, wangovala ovolosi ya mphira. Zipi yakenso anaisoka mokhota. Akanabwera nayo pakhonde panga, bwenzi nditawakonzera." Ndinaseka mpaka anthu a pabenchi yakutsogolo anatembenuka n'kutikalipira.

Papita zaka zinayi chimwalirireni inu. Makina anu osokera ali pomwe paja, ndinangowafunditsa nsalu. Tadala ali kusukulu kutauni, ndiye m'nyumba muno muli zii. Filimuyo ndaonera ndekha mpaka kumapeto, osadziphimba kumaso. Zipi ija ndaiona, bambo, ikadali yokhota. Ndatembenuka kuti ndikuuzeni, koma ndapeza mpando wanu uli wokha.