Dzina la Matenda pa Fomu ya Mayeso

Mervis Nakhumwa anayamba kuthyola tiyi ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Pofika chaka chimene mwana wake wamkazi, Mtisunge, ankalowa sitandade 8, msana wake unali utazolowera dengu moti ngakhale popita kutchalitchi ankayenda chowerama pang'ono ngati walibereka. Kwawo kunali kwa Khwethemule, koma ukulu wake wonse anakhalira m'nyumba za esiteti, pa layini yachitatu, khomo loyang'ana kufakitale kumene amuna ake, a Elson, ankagwira ntchito youmitsa tiyi. Anzake a kumunda ankamudziwa ngati mayi wa manja achangu koma wosayankhulayankhula. Nkhani za eni sankazilowa, ndipo zake sankazitulutsa.

Imene ankaibisa koposa zonse inali yakuti Mtisunge ankagwa khunyu.

Matendawa anayamba mwanayo ali sitandade 4. Pa esiteti panali kachipatala, koma Mervis sankapitako ndi nkhani imeneyi, chifukwa wolemba mayina pamenepo ankakhala layini imodzi ndi iwo. Mapiritsi ankakatengera ku Bvumbwe, kumene kunalibe womudziwa, ndipo ankamwetsa mwanayo chitseko chili chotseka. Mankhwalawo ankathandiza. Pachaka Mtisunge ankagwa kawiri kapena katatu, nthawi zonse kunyumba, ndipo mawa lake Mervis ankauza anthu kuti ndi malungo.

Mantha akewo anali ndi pochokera. Iye mwini ali mtsikana anagwapo m'kalasi, ali sitandade 6. Atatsitsimuka anapeza kalasi yonse ili mbee, anzake atathawira pamawindo, ena akukuwa kuti malovu ake asawakhudze angatengere. Kuyambira tsikulo benchi yake ankakhalapo yekha. Sanathe mwezi, anasiya sukulu. Matendawo anadzamusiya okha atakula, ndipo nkhaniyo anaikwirira. Ngakhale a Elson sanawauze.

Tsono Loweruka lina masana, mu Febuluwale, Mervis akuchapa pakhomo, anaona mayi wovala mpango woyera akutsika njinga. Anali a Stambuli, aphunzitsi amene ankazungulira m'masukulu a kuderako kuthandiza ana olumala ndi ovutika kuphunzira. Atapatsidwa mpando sanazungulire.

"Mayi a Mtisunge, mwana wanu anagwa m'kalasi Lachinayi pa nthawi ya buleki. Anakuuzani?"

Sopo anamupulumuka Mervis m'manja. Mtisunge anali asanamuuze kanthu.

"Ndi malungo, madamu. Amamutero akamutenga."

"Ine ndinalipo, mayi. Anzake anali panja, ndinamugwira ndine. Si malungo amene aja, ndipo inu mukudziwa."

Mervis anayang'ana makomo oyandikana nawo kuti aone ngati pali wina akumvetsera.

A Stambuli anatulutsa pepala m'chikwama n'kufotokoza. Mayeso a boma a sitandade 8 anali atayandikira. Ana a sukulu yawo akakalembera kusukulu ina ya kutsidya kwa mtsinje, mu holo imodzi ndi ana oposa mazana awiri, oyang'anira ake achilendo. Mwana akagwa mmenemo popanda wodziwa, angomunyamula kupita naye panja, ndipo pepala la tsikulo lathera pomwepo. Koma fomu iyi ikadzazidwa, n'kuphatikizapo kalata ya dokotala, a bungwe la mayeso akhoza kulola kuti Mtisunge alembere m'chipinda cha yekha, ndi womuyang'anira wodziwa chochita. Akadwala, nthawi aiimitsa mpaka atapeza bwino.

"Ndiye kuti pa pepalapo mulembapo dzina la matendawo?" anafunsa Mervis.

"Tilemba, inde."

"Awerenga ndani?"

"Ahedi, dokotala, ndi a mayeso."

"Nanga anzake akaona kuti iye akulowa kwina, sadzafunsa?"

A Stambuli sanamunamize. "Adzafunsa. Zimenezo sindingazitseke."

Fomuyo inakhala sabata ziwiri pansi pa zovala m'sutikesi. Kumunda Mervis ankathyola osaona chimene akuthyola, mpaka tsiku lina pasikelo kapitawo, a Jacob, anamukhuthulitsa dengu lonse kuti asankhe masamba okhwima, chinthu chimene chinali chisanamuchitikirepo. M'mutu mwake munkangobwera zithunzi ziwiri. China chinali cha Mtisunge ali gone pakati pa holo, ana akuthawa. China chinali cha Mtisunge akuyenda pa layini, amayi akukokera ana awo m'nyumba. Sankadziwa choopsa kwambiri kuti n'chiti.

Amene anadula nkhani ndi Mtisunge mwini. Tsiku lina akusenda mbatata anangoti, "Amayi, ine ndikufuna kulemba mapepala onse. Chaka chino ndawerenga kwambiri." Ananena osadzutsa mutu. Mawa lake Mervis anatulutsa fomu ija n'kuwaonetsa a Elson.

Kuchipatala cha kuboma anapita onse atatu. Dokotala anali mayi wachikulire wa magalasi, ndipo anafunsa mafunso ambiri: amagwa kangati, amatenga nthawi yaitali bwanji, mankhwala amamwa ati. Kenako, cholembera chili m'manja, anafunsa kuti, "Kubanja kwanu, kuchimuna kapena kuchikazi, alipo wina amene anadwalapo matenda amenewa?"

A Elson anapukusa mutu. "Kwathu kulibe."

Dokotala anatembenukira kwa Mervis. Mervis akanatha kunena kuti kulibe, koma anaopa kuti bodza lake likhoza kusokoneza mankhwala a mwana kapena kalata ija.

"Ine," anatero. "Ndili mwana. Anasiya okha."

Dokotala analemba osadabwa n'komwe, n'kunena kuti nthawi zina zimayenda m'magazi, nthawi zina ayi, ndipo palibe wolakwa. Koma Mervis sankamva zimenezo. Ankangoyang'ana nsapato za amuna ake.

Kuchoka pachipatala mpaka pa siteji a Elson anayenda patsogolo osacheuka. Mervis ankayenda pambuyo, akuganiza kuti banja lathera apa, ndipo nyumba ya esiteti ili m'dzina la bambowo. Atafika pamthunzi podikirira minibasi, a Elson anatuma Mtisunge kukagula nthochi, kenako anati, "Ankhoswe anga anandiuza tisanakwatirane. Anakafufuza kwanu."

"Ndiye zaka zonsezi munali chete?"

"Ndimadikira kuti munene nokha. Chandipweteka n'chakuti mwayamba kuuza dokotala."

Kwa masiku angapo m'nyumba munali mozizira. Koma amene anakapereka kalata ija kwa ahedi anali a Elson omwewo, atavala jekete lawo la kutchalitchi.

Yankho linachedwa. Mwezi unatha, wina n'kutha. Mervis akakumana ndi a Stambuli panjira ankangowayang'ana m'maso, iwo n'kupukusa mutu. Kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti mayeso ayambe, a Stambuli anabwera ndi uthenga woti chilolezo chafika. Anapitanso okha kusukulu ya kutsidya kukaona chipindacho, kachipinda kosungiramo mabuku, n'kuchotsamo mabenchi othyoka. Anayalamo mphasa, n'kukhala pansi ndi amene adzayang'anire Mtisunge, mayi wina dzina lake a Margret, kuwaphunzitsa kuti mwana akagwa amugoneke cham'mbali, asamupanikize, ndipo asamuike supuni kapena chala m'kamwa.

Mayeso anayamba kuli chiperoni, nkhungu itaphimba minda yonse. Tsiku loyamba a Jacob anamulola Mervis kujomba. Anaima kunja kwa chingwe chimene anazunguliza malo a mayeso, pafupi ndi wapolisi wa mfuti, kuyambira m'mawa mpaka ana atatuluka. Sikunachitike kanthu. Mtisunge anatuluka akumwetulira, n'kunena kuti m'kachipindamo mukununkha mileme koma muli phee.

Tsiku lachiwiri a Jacob anakana. "Anthu achepa, mayi. Dzulo ndakuthandizani, lero ndithandizeni."

Mervis analowa mu mzere wake foni ataimanga pa nsonga ya chitenje. Mame anamunyowetsa mpaka m'chiuno. Cha m'ma teni foni inalira. Anali a Stambuli.

"Wagwa. Bwerani, koma musathamange, ali m'manja abwino."

Anavula dengu n'kulisiya pakati pa tiyi. Anathamanga kutsetsereka ndi munda, nthambi zikumukala m'miyendo, n'kuwoloka mtsinje osafuna kudzera pa mlatho. Pokwera chitunda cha kusukulu mpweya unamuthera, koma sanaime. Ankangonena mumtima kuti, "Asamenyetse mutu, Ambuye, asamenyetse mutu."

Pachingwe wapolisi anatambasula dzanja. "Mayi, apa sipadutsa munthu."

"Mwana wanga ali mkatimo!"

"Ngakhale ine sakundilola," anatero a Stambuli, amene anali ataima pomwepo. "Ndine mphunzitsi wake. Tidikire akuluakulu a mayeso."

Mphindi zimenezo Mervis sadzaziiwala. Ankaona chitseko cha kachipinda kaja chili chotseka, osamva kalikonse. Kukhala chete kumeneko kunamuopsa kuposa kukuwa. Kenako anatulukira bambo wamkulu woyang'anira mayeso pamalopo, kalata ya chilolezo ili m'manja. Anaiwerenganso, n'kuuza wapolisiyo kuti awaperekeze mayiwo mpaka pakhomo.

"Mumuone, mumulimbitse mtima. Za pepala musanene chilichonse."

Mtisunge anali atagona cham'mbali pamphasa, juzi ya a Margret ili kumutu kwake ngati pilo. Mpando unali utagwa. Siketi yake inali itanyowa. A Margret anali atagwada pambali pake, ndipo anali atachita zonse zimene anauzidwa. Pepala la masamu anali atalitembenuza patebulo, ndipo pabolodi laling'ono analemba nthawi imene mwanayo anagwera.

Patapita kanthawi Mtisunge anatsegula maso. Anayang'ana denga, n'kuyang'ana amayi ake ngati sakuwadziwa. Kenako nzeru zinabwerera, ndipo nkhope yake inagwa.

"Nthawi yatha?"

"Sinathe," anayankha a Margret. "Ndaiimitsa. Watsala ndi mphindi makumi asanu, ndipo zikudikira iwe."

Mervis anagwada. "Tiye kunyumba, mwanawe. Zakwana. Udzalemba chaka cha mawa."

"Ayi, amayi."

"Ukagwanso?"

"Ndikagwanso aimitsanso."

Mervis anafuna kumunyamula ngati khanda n'kutuluka naye, wapolisi anene zimene anganene. Koma anaona mmene mwanayo ankayang'anira tebulo lija. Anamasula chitenje chake chapamwamba, chonyowa ndi mame chomwecho, n'kumumangirira m'chiuno kuti chibise siketi. Anamumwetsa madzi, n'kutuluka.

Mtisunge anapuma pafupifupi ola lathunthu asanagwirenso cholembera. Pamene ankayambiranso, ana a mu holo anali akutuluka. Anaona mayi wothyola tiyi ali pachingwe, matope mpaka m'mawondo, ndi chitseko cha kachipinda chili chotsekabe. Manong'onong'o anayamba pomwepo. Mervis anamva mtsikana wina akuti, "Akuti wagwa khunyu," ndipo mawu amene anawabisa zaka zinayi anamveka poyera, masana dzuwa likuswa nkhungu. Ana ena anapita kwawo. Atsikana atatu a m'kalasi ya Mtisunge anakhala pa udzu n'kumudikira mpaka anatuluka, ndipo mmodzi anamunyamulira chikwama.

Tsiku lachitatu analemba bwinobwino, ngakhale mutu unkamuwawa.

Pa layini nkhani inafika iwo asanafike. Ena anasintha ndithu. Mayi wina wa khomo lachiwiri analetsa ana ake kudyera mbale imodzi ndi Mtisunge, ndipo mpaka lero salola. Ena anabwera kudzazonda ngati mmene amazondera wodwala aliyense. A Jacob sanakalipe za dengu losiyidwa m'munda, anangoti tsiku lina azinena asanathamange.

Zotsatira zitatuluka, Mtisunge anakhoza, ndipo anasankhidwira kusekondale yoyendera ya kufupi ndi msika. Masamu sanakhoze bwino, koma anadutsa. Mervis sanavine ngati amayi ena. Anayamba kuwerengera mtunda wa kusukulu yatsopanoyo, msewu wa malole a tiyi umene mwanayo azidzawoloka, ndi aphunzitsi atsopano amene ayenera kuuzidwa. Sabata yotsegulira anapita yekha kwa ahedi a kusekondaleko, n'kutchula matendawo ndi pakamwa pake.

Mwezi womwewo, akupuma pansi pa mtengo nthawi ya nkhomaliro, mnzake wina wothyola naye, Fainess, anasendera pafupi n'kuyankhula motsitsa mawu. Mwana wake wa sitandade 7 sankaona zolembedwa pabolodi, ndipo ankalemba mphuno itagunda pa kope. Bambo ake ankati ndi ulesi.

"Anthu akuti kuli mapepala a zilembo zikuluzikulu," anatero Fainess. "N'zoona? Nanga munthu amayambira pati?"

Mervis anayang'ana uku ndi uku mwa chizolowezi, kenako anamasula foni pachitenje n'kuyamba kufufuza nambala ya a Stambuli.