Mphunzitsi Amene Anafulatira Wophunzira Wake

Tomie Kuramochi atalephera kachisanu ndi chimodzi mayeso a kendo, masewera omenyana ndi malupanga ansungwi, sanalire. Anakwera sitima ku Akita, mzinda umene kunachitikira mayesowo, chikwama cha zida chili pamiyendo, ndipo atatsika analunjika kunyumba kwa aphunzitsi ake, a Hirayama. Anaika chikwamacho pakhomo n'kuwerama.

"Aphunzitsi, ndabweza katundu wanu. Mupeze wina."

"Wina uti?" anafunsa a Hirayama. "M'tauni muno mwatsala nkhalamba ndi amphaka. Ukufuna ndiveke mphaka chisoti?"

Nkhani yake inali yotere. Akuluakulu a tauniyo anali atalamula kuti holo imene ana amaphunziriramo kendo izitsegulidwa pokhapokha pali mphunzitsi wa dan yachisanu, gawo la luso limene munthu amafikapo akakhoza mayeso. A Hirayama anali ndi zaka 81, mawondo atatheratu, ndipo adokotala anawauza kuti chaka chimenecho chikhale chomaliza kuphunzitsa. Wotsala anali Tomie yekha, wa dan yachinayi. Akalepheranso mu Novembala, holo itsekedwa, ana khumi ndi anayi asowa kopita.

Inu owerenga, mumudziwe kaye mayiyu. Makolo ake anamwalira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anakulira kwa amalume ake, m'nyumba imene mwana wamasiye amayamba wayang'ana nkhope za eni khomo asanapemphe mpunga wowonjezera. Sukulu sanapite nayo patali. Analowa ntchito pafakitale ya tofu, chakudya chopangidwa ndi soya, manja m'madzi ozizira kuyambira m'mamawa, ndipo zida za kendo anachita kubwerekedwa ndi a Hirayama akadali mtsikana.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kumenya ankakudziwa. Lupanga lake lansungwi likatera pachisoti cha mnzake, ndi wodutsa panja yemwe ankamva. Koma mayeso ankangomukana.

Tsiku limenelo, amene anaulula chinsinsi ndi akazi awo a Hirayama, amene anabwera ndi tiyi. Mayiwo sanagwirepo lupanga chibadwire, koma anali atakhala pakona ya holoyo zaka zambirimbiri akusoka zida za ana.

"Bambo, vuto si la mwanayu. Ndi lanu."

"Langa bwanji?"

"Akangomenya amakuyang'anani, inu n'kumagwedeza mutu ngati nkhunda. Zaka makumi atatu. Ndiye kumayesoko mukuganiza kuti amayang'ana ndani? Tebulo la oyesa."

Aliyense wa kendo amadziwa kuti kumenya si mapeto. Ukamenya umadutsa, n'kutembenuka maso ndi mtima zili pa mnzakoyo, uli tcheru ngati sunamenye n'komwe. Wochotsa diso, ngakhale kamphindi, oyesa amati mtima wake wachoka pankhondo. Tomie ankachotsa diso kukafunsa ngati wachita bwino, monga ankachitira patebulo la amalume ake.

"Sindinkadziwa," anatero Tomie, nkhope ili pansi.

A Hirayama anatembenukira kwa Tomie.

"Ndakuwononga ndine," anatero. "Ndinaona mwana wosowa womuyamikira, ndiye ndinkayamikira. Nyamula chikwamacho. Kuyambira mawa ndizikhala moyang'ana khoma."

Ndipo anachitadi. Anakoka mpando wawo n'kufulatira holo yonse. Tomie akamenya, khosi linkatembenuka lokha, koma ankangoona dazi la nkhalamba. Masabata oyamba zinamupweteka kwambiri. Ankaona ngati waferedwanso. Kuchoka kuntchito manja atachita dzanzi, kuvala zida, kumenya, kutembenuka, popanda womuuza kuti wachita bwino.

Tsiku lina analephera kupirira.

"Aphunzitsi, imeneyi inali bwanji?"

"Ndinaona ine? Amene analipo ndi iwe. Undiuze."

 Tomie anali ndi zaka 46, koma anali asanadziweruzepo yekha.

Anapitiriza. Masiku opanda maphunziro ankabwera yekha, kumenya chidole cha matayala akale, kudutsa, kutembenuka, maso pachidolecho mpaka atawerenga katatu. Anachita zimenezi miyezi isanu. Mapazi anang'ambika, anawamanga ndi nsalu n'kubwereranso.

Novembala anakwana. A Hirayama anakana kupita nawo ku Akita, anati akapita awononga. Woyamba kumenyana ndi Tomie pamayesowo anali mwamuna wamtali, wocheperapo zaka khumi. Tomie sanathamange. Anamuyandikira pang'onopang'ono, ndipo mwamunayo atangosuntha, lupanga la Tomie linatera pakati pa chisoti chake. Khosi linafuna kuchita zake zakale. Tebulo la oyesa linali pomwepo, kumanzere. Tomie analuma mano, nadutsa, natembenuka, maso ali pa mnzake.

Wachiwiri anamenya Tomie padzanja, momveka bwino. Apanso Tomie sanayang'ane aliyense. Anabwerera pakati n'kuyambanso.

Masana manambala a okhoza anamatidwa pakhoma. Tomie anawerenga pepalalo kawiri, kenako anatuluka panja kukaimba foni.

"Aphunzitsi, nambala yanga ilipo."

"Za nambala ndamva. Unamenya bwanji?"

Tomie anapumira m'mwamba. "Ndinamenya bwino."

 Pafonipo panamveka mawu a akazi awo a Hirayama.

"Akulira, asiye. Iwe ubwere Lachiwiri udzatenge makiyi a holo, ana asakudikire panja ndi kuzizira kuno."

M'bale wanga, mwina nawe wagwa kasanu, kasanu ndi kamodzi, ndipo wanyamula kale chikwama kuti ukabweze. Dikira kaye. Mwina luso uli nalo, changotsala n'kusiya kufunsa nkhope za anthu ngati ndiwe woyenera. Funsa amene amakuona tsiku ndi tsiku, ukonze chimene akuuze, ubwererenso. Mtima usautaye, pali ena amene akudikira kuti iweyo ukawatsegulire chitseko.